Chitopa chilibe miyendo, mukuchikweza panjinga ndinu

Ana anga, ndakhala ndikungoyang'ana, koma lero ndiyankhula, ndipo amene akwiye akwiye. Dzuwa layamba kuwotcha, fumbi lakwera, nyengo ya chitopa yafika. Tsiku la msika lapitali ndinaima pambali pa mnyamata wina amene anamangirira chitele chodzaza nkhuku pakaliyala. Nkhukuzo zinali zitagwetsa mapiko ngati zavala jekete, maso ali tsinzinu, nthenga za kumchira zitamatirira zitosi zobiriwira. Iye ankaziwaza madzi kumutu kuti zitsitsimuke pamene wogula akuyandikira. Mtengo anautsitsa mpaka theka. Anthu anamuunjikira ngati akugawa zaulere, amayi akuluakulu ndithu, ena mwana ali kumsana. Nditamufunsa kuti kodi nkhukuzi zili bwino, anati, "Agogo, zangotopa ndi ulendo." Anadziwa chimene ankachita. Kwawo zayamba kufa, ndiye akuthamangira kuti apezepo kangachepe zisanathe, osaganiza kuti akukatsanulira imfa m'makola a midzi isanu.

Ine zimenezi zinandionekera, sindikunena zongomva. Chaka china mphwanga anabwera kudzandiona atanyamula tambala wofiira, wamkulu bwino, woti ukamuona mtima umachita kuti myaa. Anamugula panjira. Ndinathokoza, ndipo chifukwa cha ulemu ndinamuponya m'khola madzulo omwewo. Patapita masiku asanu tambalayo anayamba kuyasamula ngati wamezera chinthu pakhosi, akupuma mokoka. Kenaka thadzi langa lakuda, lomwe linali ndi anapiye asanu ndi anayi, linapinda khosi mpaka mlomo kuloza kumwamba, likuzungulira pamalo amodzi. M'mawa uliwonse ndinkatsegula khola ndi mantha. Pakutha pa masabata awiri, pa nkhuku makumi atatu ndi ziwiri ndinatsala ndi ziwiri zokha. Fizi ya mdzukulu wanga inali m'kholamo. Nkhuku zimene ndinasungira chinkhoswe cha mwana wa mlongo wanga zinali momwemo. Sindinamukalipire mphwangayo, wolakwa ndinali ine amene ndinasakaniza mlendo ndi eni khola.

Tsono ndikamamva mukunena kuti chitopa chabwera ndi mphepo, kapena kuti mayi wakuti watilodzera nkhuku chifukwa cha njiru, ndimamva chisoni. Matendawa akatswiri anawafufuza kalekale. Anayamba kuwazindikira m'chaka cha 1926 pachilumba cha Java ku Indonesia, komanso ku Newcastle upon Tyne ku England, n'chifukwa chake m'mabuku amawatchula ndi dzina la mzinda umenewo. Amayamba ndi kachilombo ka mtundu wa vayilasi, kamene kamatuluka m'zitosi, m'mamina ndi m'mpweya wa nkhuku yodwala. Kamamatirira ku nsapato, ku matayala a njinga, ku chitele, ku thumba la madeya, ngakhale ku zikhatho zanu. Nkhuku ikatenga kachilomboka imatha kukhala masiku awiri mpaka khumi ndi asanu isanaonetse chizindikiro, kawirikawiri asanu kapena asanu ndi limodzi. Ndiye kuti nkhuku yooneka yathanzi pamsika ikhoza kukhala itasenza kale maliro a khola lanu lonse. Abakha ndiye oopsa mwakachetechete, amatha kukhala nako osadwala, akumwera chigubu chimodzi ndi anapiye anu.

Nkhuku yachilendo, kaya mwagula, kaya ndi mphatso ya apongozi, kaya yachokera ku chinkhoswe, ikhale payokha masabata awiri kapena atatu, kutali ndi zinzake, ndi mbale yakeyake. Apongozi sakwiya ndi zimenezo.

Nanga inu amene nkhuku ikafa mumaiponya padzala kapena kuseri kwa nkhokwe, mumaganiza kuti ithera pomwepo? Galu amaikoka n'kukaidyera pakhomo pa mnansi. Akhwangwala amamwaza matumbo. Nthenga zimene mwasosola zimauluka pabwalo pamene nkhuku za mudzi wonse zimapalasa. Madzi otsukira nyama mumakhuthula pamsewu. Kenaka mawa mukudabwa kuti chitopa chalumpha bwanji mpanda.

Palinso khalidwe lina limene lafala, loti nkhuku ikangozyolika muthamangire kugolosale kukagula makapusozi a anthu, n'kuwasungunula m'madzi pamodzi ndi tsabola ndi phulusa. Makapusozi amenewo anapangidwira mabakiteriya, vayilasi samugunda n'komwe. Ndalama mwataya, nkhuku ifabe, ndipo choipitsitsa n'chakuti mukuzoloweretsa tizilombo tina mankhwala amene mawa mwana wanu adzawafune kuchipatala akadzadwala chibayo. Madokotala akudandaula kale kuti mankhwala ena asiya kugwira ntchito, inu mukuwathira m'chigubu cha nkhuku ngati mchere.

Chitopa chilibe mankhwala ochiza. Chili ndi katemera, ndipo apa m'pamene mumandikhumudwitsa kwambiri. Akatemera akale ankafuna firiji kuchokera kumene apangidwira mpaka pakhola, chinthu chosatheka kumudzi kopanda magetsi. Akatswiri a pa yunivesite ya Queensland ku Australia, motsogozedwa ndi Peter Spradbrow, anatha zaka akusankha mtundu wofooka wa kachilomboka umene umapirira kutentha, poganizira nkhuku za kumudzi ngati zathuzi, osati za m'mafamu akuluakulu. Katemerayo ndi uja mumamumva kuti I-2, ndipo kuno kwathu amapangidwa ku Lilongwe, ku labotale yaikulu ya boma yoona za matenda a ziweto. Kadontho kamodzi m'diso la nkhuku, kaya ndi mwanapiye kaya ndi tambala, miyezi inayi iliyonse. Mtengo wa kadonthoko sufika ngakhale pa mtengo wa dzira limodzi. Koma wotemera akafika pakhomo mumamuuza kuti abwere mwezi wa mawa, ndalama kulibe, pamene madzulo ake bambo ali pa chiwaya akudya zipalapasiro.

Ndiye chitopa chikalowa m'mudzi m'pamene mumamuthamangira, nkhuku zitayamba kale kuwodzera. Akadontheza, nkhuku n'kufa, mumayamba kulalika kuti katemera wapha nkhuku zanga. Si katemera amene wapha. Thupi la nkhuku limafuna sabata imodzi kapena ziwiri kuti limange chitetezo, ndipo imene yadwala kale katemera saiwombola. Mumafolera nyumba mvula ili pamutu. Nanunso otemera ndikuchenjezeni: kupirira kutentha sikutanthauza kuti botolo muziliika m'thumba la malaya tsiku lonse padzuwa la Okutobala. Likulungeni m'kansalu konyowa, liyende m'kadengu pamthunzi, ndipo lotsegula kale musalisunge mpaka sabata yamawa. Mukadontheza madzi akufa, anthu adzataya chikhulupiriro ndipo sadzakutsegulirani khola.

Tsopano ndifike pa chimene chandilembetsa zonsezi, kudya nkhuku yofa yokha. Ndikudziwa yankho lanu: "Takhala tikudya kuyambira kale, sitinafe." N'zoona kuti chitopa pa munthu sichichita zambiri, mwina kufiiritsa maso basi. Chimenecho ndicho chakulimbitsani mtima. Koma kuli matenda ena, chimfine cha mbalame, amene pa nkhuku amaoneka chimodzimodzi: kufa mwadzidzidzi, kutupa mutu, kupuma movutika, kutsegula m'mimba. Ngakhale dokotala wa ziweto wodziwa ntchito yake sangasiyanitse ndi maso, amatumiza ku labotale. Inu ndi mpeni wanu pamtondo mungasiyanitse bwanji?

Chimfine chimenechi chinapha kale anthu. Ku Hong Kong m'chaka cha 1997, mtundu wake wotchedwa H5N1 unagwira anthu 18, ndipo 6 anamwalira. Boma la kumeneko linapha nkhuku zoposa miliyoni imodzi m'masiku ochepa kuti mliri uthe. Mu 2005 mbalame zakutchire zoposa 6,000, zambiri mwa izo atsekwe, zinafa pa nyanja ya Qinghai ku China, ndipo apo akatswiri anaona poyera kuti kachilomboka kakhoza kuyenda ndi mbalame zouluka maulendo ataliatali. Chaka chotsatira, 2006, kanapezeka ku Nigeria, koyamba mu Africa muno. Chaka chomwecho ku Azerbaijan anthu ena anadwala, ena kumwalira, atasosola nthenga za mbalame zam'madzi zimene anazitola zitafa. Mumve bwino pamenepo: ngozi yaikulu siili m'mphika wowira, ili pa kupha, kusosola ndi kutumbula. Ndipo ntchito imeneyo pakhomo timapatsa ndani? Ana ndi amayi.

Musati izi n'za kutali. Kumayambiriro kwa 2017 mbalame zam'madzi zinafa zambirimbiri m'mphepete mwa nyanja ya Victoria ku Uganda ndi mtundu wina wa chimfinechi wotchedwa H5N8. Chaka chomwecho mtundu umenewo unalowa m'mafamu a nkhuku ku Zimbabwe ndi ku South Africa. Mu 2023 ku South Africa anapha nkhuku mamiliyoni, mazira anasowa m'masitolo, abale athu amene ali ku Joni akhoza kukuuzani mmene mtengo wa dzira unakwerera. Mu 2024 ku America kachilombo ka H5N1 kanapezeka mpaka mu ng'ombe za mkaka. Mbalame sizidinditsa pasipoti pa Mwanza kapena pa Dedza.

Anamzeze amene mumawaona pa mawaya nthawi ya dzinja, ena amachokera ku Ulaya. Adokowe oyera chimodzimodzi. Akatswiri anadziwa izi poveka mbalame timphete tachitsulo tokhala ndi nambala kumwendo, ndipo kum'mwera kwa Africa kuno ntchitoyo imayendetsedwa kuchokera ku yunivesite ya Cape Town. Nyanja ya Chilwa ndi dambo la Elephant Marsh ku Chigwa cha Shire ndi malo amene mbalame zam'madzi zimasonkhana zochuluka, moti onse awiri analembedwa pa mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse wa pangano la Ramsar. Ndikudziwa kuti ku Chilwa kusaka mbalame ndi ndiwo komanso ndalama, makamaka nsomba zikasowa, ndipo sindikunyoza umphawi wa munthu. Koma mbalame imene mwaipeza itafa yokha m'mphepete mwa madzi, kapena imene ikulephera kuuluka mpaka mwana kuigwira ndi manja, si mwayi umenewo. Mukaona zafa zingapo pamalo amodzi musazigwire, auzeni alangizi a ziweto kapena a zanyama zakutchire, ndipo ana muwaletse. Anyamata a malegeni, ndikunena inu, amene mumabwera ndi mbalame m'thumba n'kudzasosolera pakati pa nkhuku za amayi anu.

Wina asamve molakwa n'kuyamba kuthira poizoni m'madambo kapena kugwetsa zisa ati akuteteza nkhuku. Akatswiri a zaulimi ndi a zanyama anakana kale njira imeneyo. Mukazisokoneza mbalame zimabalalika n'kufalitsa matenda kutali, ndipo poizoniyo amapha nkhwazi, miimba, nsomba ndi agalu anu omwe. Chofunika n'kutchinga pakati: nkhuku zisamwe madzi a padambo pamene pamatera mbalame zakutchire, madeya musamawaze pabwalo poyera kuitana njiwa ndi mpheta, ndipo abakha amene amakasambira kudambo asagone khola limodzi ndi nkhuku. Kugona ndi nkhuku m'nyumba momwe mukugona ana, poopa akuba, nakonso kuganizireni bwino.

Nkhuku ikafa ndi matenda, valani jumbo kumanja, kumbani dzenje lakuya loti galu asafukule, kapena itentheni mpaka ipsereze, nthenga ndi matumbo zonse. Sambani ndi sopo. Khola mulisese, zitosi muzikwirire, ndipo musathamangire kugula zina sabata yomweyo. Zikayamba kufa motsatizana, mfumu idziwe, mlangizi adziwe tsiku lomwelo, ndipo m'mudzimo pasatuluke nkhuku kupita kumsika mpaka matendawo atadutsa. Mafumu, izi zili m'manja mwanu, mumatha kulipiritsa mbuzi pa milandu yaing'ono kuposa iyi.

Wotemera wa m'dera lathu wati adutsa Loweruka m'mamawa. Ulendo wathawu anapeza makomo ambiri atatsegulira kale nkhuku, ndipo anathera theka la tsiku akuthamangitsana ndi atambala m'minda pamodzi ndi ana, botolo likutentha m'dengu. Lachisanu madzulo mutseke makola, musatsegule mpaka atafika, ndalama yake ikhale pafupi. Ine ndidzayenda naye khomo ndi khomo, ndi ndodo yangayi.