Kani nice kale ankatanthauza chitsiru

Mwalemba bwino akulu pofotokoza matanthauzo a mawu, koma pa liwu la Chingerezi loti nice mwangodutsapo mothamanga, mwangoti limatanthauza chabwino basi. Komatu liwu limeneli mbiri yake njoseketsa. Linachokera ku Chilatini, nescius, kutanthauza mbuli, munthu wosadziwa kanthu, kenako linadzera mu Chifalansa chakale nkulowa mu Chingerezi cha m'ma 1300 likutanthauza wopusa. Ndiye nthawi imeneyo ukanauza munthu kuti ndi nice bwenzi zitathera pa ndewu. Pambuyo pake linayamba kunena munthu wosankha kwambiri, wofuna chilichonse chikhale ndendende, ndipo mpaka pano azungu ena akati nice distinction amanena kusiyana kwakung'ono kofunika diso lakuthwa, osati kokoma ayi. Tanthauzo la chosangalatsali linakhazikika m'ma 1700.

Ine chomwe chimandinyansa nchoti liwuli latha mchere, mayi aphika nsima ya chambo thukuta lili kamukamu iwe nkungoti nice, nsapato nice, ulaliki nice, mpaka chithunzi cha pamaliro pa Facebook wina kulemba nice pic, zoona zimenezo? Aphunzitsi athu a Chingerezi ku sekondale ankatidula mamalikisi tikalilemba mu kompozishoni, ati ndi liwu la alesi. Komanso musasokoneze ndi mzinda wa Nice ku France, uwo amautchula Nisi ndipo dzina lake linachokera ku Chigiriki, palibe chibale olo pang'ono.