Kansomba konga usipa, ndi mmene timayezera ntchito ya wasayansi

Maganizo anga ndi akuti tasokoneza poyeza wasayansi. Timawerenga mapepala amene wasindikiza ndi anthu amene amutchula, basi n'kuomba m'manja. Chofunika kufunsa n'chakuti: chimene anasiya, ena akachigwira chikuyenda?

Taonani George Streisinger wa ku University of Oregon, ku America. Anatola kansomba kotchedwa zebrafish, ka m'mitsinje ya ku India ndi Bangladesh, kotalika masentimita 3 kapena 4. Asodzi a ku Senga Bay mutakaona mungati ndi usipa wamizeremizere, ndipo simunaphonye kwenikweni, poti n'zapachibale. Mu 1981 anasindikiza mu Nature njira yopezera nsomba zambiri zofanana majini (ma gene, malangizo a chibadwa a m'maselo). Anamwalira mu 1984, kansombako kasanatchuke. Lero aliyense wofufuza ubongo pa zebrafish akudyera m'munda umene bamboyu analima.

Chimene ofufuza amakakondera n'chakuti yaikazi imodzi imatha kuikira mazira 200 pa sabata, ndipo mwana wake ndi woonekera mkati ngati galasi. Mtima umayamba kugunda pakatha tsiku limodzi, pofika tsiku lachisanu akusambira n'kumasaka yekha chakudya. Mu 2013 Misha Ahrens ndi Philipp Keller a ku Janelia, malo ofufuzira a ku America, anagwiritsa ntchito puloteni ya GCaMP, imene imawala calcium ikalowa mu selo, n'kujambula maselo oposa 80 pa 100 alionse mu ubongo wa kamwanako, umene uli ndi maselo pafupifupi 100,000, kali kamoyo. Chaka chomwecho zinadziwika kuti majini a munthu pafupifupi 70 pa 100 ali ndi anzake mu nsombayi, ndipo Scott Baraban anayesa mankhwala 320 pa tinsomba ta khunyu ya mtundu wa Dravet, n'kupeza kuti mankhwala otchedwa clemizole amachepetsa khunyuyo.

Koma zonsezi zimadalira ntchito yosatchuka ya m'chipinda chosungira nsomba. Madzi akhale pa madigiri 28.5, kuwala maola 14, mdima maola 10. Madzulo mumaika yaimuna ndi yaikazi m'kathanki kamodzi, pakati kachotchinga, m'mawa kukawala mumachotsa. Pansi pamafunika kasefa, apo ayi makolo adya mazira awo omwe. Mazira asapitirire 50 pa mbale imodzi, ndipo ochita mbuu ndi akufa: achotsedwe tsiku lomwelo, chifukwa nkhungu yake imagwira amoyo. Mankhwala a methylene blue pang'ono m'madzimo amathandiza kuletsa nkhunguyo. Jakisoni wa CRISPR (njira yosinthira majini), kadontho ka pafupifupi nanolita imodzi, abayidwe dzira likadali selo imodzi, mphindi 45 zisanakwane. Mukachedwa, maselo ena asintha ena ayi, ndiye zotsatira zikhala zosakanikirana.

Wina atati ayambe izi kuno ku Salima, mdani woyamba ndi dzuwa la mu Okutobala. Madzi akatentha, ana amakula mothamanga, ndiye maola a kakulidwe amene Charles Kimmel analemba mu 1995 sagwirizananso ndi zimene mukuona. Akatenthetsa, ana amapunduka. Magetsi akathima pampu imaima, mpweya umachepa, ammonia n'kukwera. Madzi a pampopi nawo, osachotsa chlorine, amapha nsomba. Wolemba bwino tinthu ngati timeneti satchulidwa kawirikawiri, chonsecho ndiye amapulumutsa kafukufuku wa anzake.

Ndiye pali nkhani ya morpholino, imene ndimafuna anthu okonda manambala aimve. Kwa zaka zambiri ofufuza ankabaya mankhwalawa m'mazira kuti atseke jini imodzi, n'kulemba zimene zachitika. Mapepala anatuluka ambirimbiri. Mu 2015 gulu la Nathan Lawson linayerekeza zotsatirazo ndi nsomba zimene jini yake inaonongedwadi, ndipo pafupifupi 80 pa 100 ya zimene anayerekezazo sizinaonekenso. Pena mankhwalawo ankakhudza majini ena. Pena, monga gulu la Didier Stainier linasonyezera chaka chomwecho, jini ikaonongeka zinzake zimalowa m'malo, ndiye nsomba imaoneka yabwinobwino. Nkhani yake si yapafupi, zoona. Komabe mapepala amene analakwitsa aja sanabweze matamando awo. Manambala awo adakali pompo, akukongoletsa ma CV.

N'chifukwa chake ndikuti akuluakulu okweza anthu pa ntchito m'mayunivesite athu azifunsa zina: mtundu wa nsomba umene munapanga alipo akuuweta? Njira yanu wina anaibwereza? Munaphunzitsa angati? Mafunsowa akutikhudza ndithu, poti ubongo wa nsomba za m'nyanja yathu ino, zija zazimuna zake zimaunjika mchenga pokopa zazikazi, akuufufuza ndi a Todd Streelman ku yunivesite ya Georgia Tech ku America, pamene ife nsombazo tili nazo pakhomo pomwe.