Kuthamangira kafukufuku wa matenda a shuga a ana

Pali anthu amene amafunsa chifukwa chimene munthu wofuna kuthandiza ana odwala shuga sangoperekera ndalama zake mwakachetechete, m'malo mothamanga makilomita 42 mpaka mapazi kutupa. Ine ndili kumbali ya othamangawo, ndipo chifukwa changa chagona pa mmene matendawa alili.

Shuga wa mtundu woyamba, amene kawirikawiri amayamba munthu adakali mwana, sabwera chifukwa chodya zotsekemera, ndipo makolo sayenera kuimbidwa mlandu. Chimachitika n'chakuti chitetezo cha m'thupi chimawononga maselo a m'kapamba amene amapanga insulin, chinthu chimene chimathandiza thupi kugwiritsa ntchito shuga wa m'magazi, kotero mwanayo amafunika kubayidwa insulin tsiku lililonse kwa moyo wake wonse, komanso kuyezedwa shuga kangapo patsiku, nthawi zina pakati pa usiku. Insulin asanapezeke, ana oterewa sankakhalitsa. Frederick Banting ndi Charles Best anaupeza ku Toronto m'dziko la Canada mu 1921, ndipo mu Januwale 1922 mnyamata wina, Leonard Thompson, anakhala woyamba kuthandizidwa nawo. Papita zaka zoposa 100, koma insulin amangosunga moyo, sachiza. Chosowacho sichingapezeke popanda kafukufuku, ndipo kafukufuku amadya ndalama zambiri kwa zaka zambiri asanaonetse phindu.

Apa ndi pamene kuthamanga kumagwira ntchito. Munthu wamba savomera msanga kupereka ndalama kwa asayansi amene sakuwadziwa, koma akaona mnzake wa kuntchito kapena m'bale wake akudzuka m'bandakucha kwa miyezi ingapo kukonzekera mpikisano, amapisa m'thumba, ndipo popisapo amafunsanso za matendawo. Mpikisano wa London Marathon, umene unayamba mu 1981, wasonkhetsera mabungwe osiyanasiyana othandiza anthu ndalama zoposa mapaundi 1 biliyoni. Bungwe limene makolo a ana odwala shuga anayambitsa ku America mu 1970, lomwe linkadziwika kuti JDRF ndipo kuyambira mu 2024 likutchedwa Breakthrough T1D, limapeza gawo la ndalama zake kudzera mwa oyenda pansi, opalasa njinga ndi othamanga. Zipatso za kafukufuku zikuoneka: mu 2022 dziko la America linavomereza mankhwala a teplizumab, amene amachedwetsa matendawa kuonekera ndi zaka pafupifupi ziwiri mwa amene ayamba kale kuwonongeka kapamba. Kwa mwana, zaka ziwiri zopanda jakisoni si zochepa ayi.

Chimene chimandivutitsa maganizo ndi kumene zipatsozo zimafika. Opeza insulin anagulitsa umwini wake ku University of Toronto pa dola imodzi aliyense pofuna kuti odwala onse aupeze, komabe mpaka lero m'mayiko osauka ana akumwalira chifukwa chosowa insulin kapena chifukwa matendawo sanadziwike msanga. N'chifukwa chake ndikupempha aliyense wothamangira ana amenewa kuti azinena poyera bungwe limene lilandire ndalamazo, gawo limene lifikedi kwa ochita kafukufuku, ndiponso zimene bungwelo likuchita kuti mankhwala otulukamo asadzakhale a olemera okha.