Musamanyoze mwana amene wasankha kafukufuku

Ndakwiya ndipo sindibisa. Loweruka ku chinkhoswe ku Santhe, bambo wina wamkulu ndithu anaimitsa mwana wa achemwali anga akugawa thobwa, n'kumufunsa pamaso pa anthu kuti, "Iwe mtsikana, digiri unatenga kale, nanga kulabotaleko ukukakamira chiyani? Timachubu timeneto tidzakudyetsa? Anzako ali kubanki, ena ali pabanja." Anthu n'kuseka. Mwanayo anangozolika, chikho chikunjenjemera m'manja. Ine mtima unandiwawa mpaka lero.

Akuluakulu, kafukufuku si ganyu yoti walima m'mawa, madzulo walandira zako. Amatenga zaka. Amatenga moyo wa munthu. Ndipo amene akuchita ntchitoyo amaoneka ngati wotaya nthawi kufikira tsiku limene inu nomwe mudzaimirire pamzere kufuna chimene wapeza.

Kodi dzina loti Katalin Karikó munalimvapo? Mayi ameneyu anabadwa mu 1955 ku Hungary, bambo ake anali ogulitsa nyama. Anaphunzira ku yunivesite ya Szeged n'kuika mtima wake wonse pa kanthu kotchedwa mRNA. Kameneka ndi kauthenga kamene kamachoka ku DNA, nkhokwe ya malangizo a thupi, kupita kumene selo, kachigawo kakang'ono kwambiri ka thupi, limapangira mapuloteni, kukaliuza choti lipange. Iye ankakhulupirira kuti munthu atalemba yekha uthengawo n'kuulowetsa m'thupi, thupi likhoza kudzipangira lokha mankhwala. Mu 1985 ndalama za kafukufuku zitatha kwawo, anasamukira ku America ndi mwamuna wake ndi kamwana kawo, ndalama zimene anagulitsa galimoto atazisokerera m'chidole cha mwanayo. Ku yunivesite ya Pennsylvania anapempha thandizo la kafukufuku kambirimbiri, akumukana. Mu 1995 anamutsitsa paudindo. Kumutsitsa! Munthu wa PhD, wazaka 40. Bambo aja akanakhalapo akanati, "Si uyo, tinanena ife."

Sanasiye. Anakumana ndi Drew Weissman, wofufuza mnzake pa yunivesite yomweyo, n'kuyamba kugwirira limodzi. Vuto linali loti mRNA yopangidwa mulabotale ikalowa m'thupi, chitetezo cha thupi chinkaiona ngati mdani n'kuyambitsa kutupa. Awiriwa anapeza kuti ukasintha kachidutswa kamodzi ka mRNA kotchedwa uridine, n'kuikapo kachibale kake pseudouridine, thupi limaulandira uthengawo mwamtendere. Anasindikiza zimenezi mu 2005 m'magazini ya Immunity, ndipo panthawiyo ochepa okha ndi amene anazilabadira. Mu 2013 mayiyu anapita kukagwira ntchito ku kampani ya BioNTech ku Germany. Covid itafalikira mu 2020, akatemera a Pfizer ndi BioNTech komanso a Moderna anatsamira pa nzeru yomwe ija anthu ankaipeputsa. Mu 2023 iye ndi Weissman analandira mphotho ya Nobel.

Werengani nokha, kuchoka 1985 kufika 2023. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndiye inu mukufuna mwana amene wangolowa dzulo mulabotale akuonetseni nyumba ya malata lero? Mukufuna aonetse galimoto kuti mukhulupirire kuti ali pantchito? Ntchito ali nayo! Kuyang'ana pa maikulosikopu tsiku lonse, kulemba, kulephera, kuyambiranso mawa, imeneyo ndi ntchito. Inde ndikudziwa, umphawi ndi umene umatipangitsa kuyembekezera kuti mwana akangomaliza sukulu ayambe kutumiza ya feteleza. Koma umphawi sukupatsani chilolezo chomuchititsa manyazi pagulu.

Chimene chikundipsetsa mtima kwambiri n'choti bambo omwewo amabzala mtedza wa CG7 chaka ndi chaka, n'kumanyadira kuti umabereka. Akuganiza kuti unagwa kumwamba? Anthu anakhala zaka kumalo a kafukufuku wa zaulimi ku Chitedze akuyesa mbewu, kuyeza, kutaya, kuyesanso. Anthu amenewonso anali ana a eni, ndipo mwina nawonso ankafunsidwa pamaliro ndi pamaukwati kuti ntchito yeniyeni adzayamba liti. Mumadya thukuta la ofufuza uku mukunyoza wofufuza wa m'banja mwanu.

Ndipo akanakhala mnyamata sakanamufunsa za banja. Zimenezo tisanamizane. Mnyamata akati ndikupitiriza sukulu timati ali ndi masomphenya, mtsikana akanena zomwezo timayamba kuwerenga zaka zake.

Komanso tikunyoza chonchi, ana athu ambiri m'masekondale oyendera kuno ku Kasungu akuphunzira Biology ndi Chemistry pabolodi pokha. Mphunzitsi amajambula chubu ndi choko, ana n'kukopera m'makope. Mwana amafika Fomu 4 asanagwirepo maikulosikopu ndi dzanja lake, koma mayeso a MSCE akumudikira. Mmodzi wapulumuka m'menemo, wafika mpaka kulabotale yeniyeni, ndiye ife tikumuuza kuti akakwatiwe. Aaa, ayi ndithu.