Chenjezo kwa makolo a kuno ku UK: mwana si katundu wotsekera m'nyumba

Ana anga, lero mundikhululukire, ndilankhula mosapsatira mawu. Ndinafika m'dziko muno ambiri a inu mukadali ku pulayimale, ndipo ana anga atatu anakulira konkuno. Zimene ndikuona m'mabanja a inu amene mwabwera chaposachedwapa pa ntchito ya care, yosamalira nkhalamba ndi odwala, zikundisowetsa tulo.

Mukusiya ana okha m'nyumba n'kupita ku shifiti. Musakane, ndikudziwa mmene mumachitira. Bambo ali pa shifiti ya masana ya maola 12, mayi akulowa ya usiku, ndipo pakati pakepo pali maola atatu kapena anayi amene m'nyumba mulibe munthu wamkulu. Ndiye mumaitana mwana wa zaka 8 n'kumulangiza kuti, "Usatsegule chitseko, usayankhe aliyense, mng'ono wako akalira umupatse foni aonere makatuni." Mukatero mumakhoma chitseko n'kuthamangira basi. Ena mwafika pomawasiya usiku wonse, mumvekere, "Agona kale, adzuka ine nditabwera." Kodi moto umayamba wafunsa ngati amayi abwerako?

Ndikudziwa kumene khalidweli lachokera. Ku Ndirande kapena ku Area 25 mayi amapita kumsika osatseka n'komwe pakhomo, chifukwa mwana sakhala yekha. Pakhonde pali agogo, kuseri kuli azakhali akuchapa, aneba akamva kulira amabwera n'kumubereka kumbuyo. Kumeneko mwambi woti mwana wa mnzako ngwako yemwe umagwira ntchito tsiku ndi tsiku. Kuno ku Leeds kapena ku Manchester mwakhala pa nyumbayo chaka chathunthu koma dzina la neba wanu simukulidziwa. Iyeyo akamva mwana akulira kuyambira 8 koloko mpaka pakati pa usiku sabwera ndi phala ayi. Amaimbira apolisi. Ndipo musamutukwane kuti ndi mfiti kapena watsankho, chifukwa kwa eni dziko kumeneko ndiye kusamala mwana wa mnzako.

Pali ena ophunzira amene amandiyankha kuti, "Amayi, lamulo la ku England silinatchule zaka zimene mwana angasiyidwe yekha." N'zoona, silinatchule. Koma safunsa anadya phula. Lamulo la Children and Young Persons Act la 1933 limati ndi mlandu kusiya mwana m'njira yoti angavutike kapena kuvulala, ndipo amene adzaweruze ngati munamuika pangozi si inu ayi. Bungwe loteteza ana la NSPCC, lomwe malangizo ake boma limawalozera, limanena momveka kuti khanda ndi mwana wongoyamba kuyenda asasiyidwe yekha ngakhale pang'ono, mwana wosafika zaka 12 nthawi zambiri sanakhwime moti n'kukhala yekha nthawi yaitali, ndipo wosafika zaka 16 asagone yekha m'nyumba usiku wonse. Tsono wanuyo wa zaka 8, mwamusandutsa mlezi wa mng'ono wake, mukuti mudzawauza chiyani apolisi?

Mvetserani mmene zimayendera zikavuta, chifukwa ine ndinaperekezapo mtsikana wina kumisonkhano imeneyi, ndipo sindifuna kudzaonanso misozi ngati imene ija. Apolisi akapeza ana okha ali ndi mphamvu yowachotsa pakhomo n'kuwasunga pamalo ena mpaka maola 72, popanda kudikira khoti. Akatero nkhani imapita ku khonsolo, asosho (ogwira ntchito yoona za umoyo wa ana ndi mabanja) amalowa m'nyumba mwanu, amatsegula firiji, amaona pogona ana, amafunsa kusukulu ndi kwa dokotala. Mtsikana amene ndikunenayu anali mayi wabwino, wokonda ana ake, wosamwa ngakhale dontho la mowa. Anangoti apeze ndalama ya lendi. Ana anabwerera, inde, koma patadutsa nthawi imene kwa iye inali ngati zaka.

Ndipo sizithera pa ana pokha. Apolisi akakupatsani caution, musaganize kuti angokudzudzulani basi. Kuilandira ndiye kuti mwavomera mlandu, ndipo ya nkhanza kapena kulekerera mwana imaoneka pa DBS, chikalata chija chimene abwana amaonerapo ngati muli ndi mbiri ya milandu. Inu ntchito yanu ndi yosamalira nkhalamba ndi odwala, ntchito imene simungaigwire DBS ikada. Abwana akakuchotsani, viza yanu yatsala pamtunda chifukwa inamangiriridwa kwa iwowo, ndipo a Home Office, omwe amayang'anira za maviza, kawirikawiri amapereka masiku 60 okha kuti mupeze wina wokulembani kapena mupakire. Mapepala a amuna anu ndi a ana atsamira pa anuwo. Ndiye taonani: shifiti imodzi imene munakana kuisiya yadya ntchito, yadya viza, yadya ndi ngongole ija munatenga kumudzi kuti mubwere kuno. Khomo lake ngakhale lobwereranso ndi lothina tsopano. Kuyambira March 2024 obwera kumene pa ntchito ya care saloledwa kubwera ndi mabanja awo, ndipo mu July 2025 boma linatseka zolemba anthu a ntchitoyi kuchokera kunja. Inu amene muli ndi ana anu pano muli ndi mwayi umene anzanu akuulirira, koma mukuuseweretsa.

Mumadandaula kuti aphunzitsi a kuno amafunsa ana mafunso ambirimbiri. Wadya chiyani m'mawa, anakuperekeza ndani, bala ili latani. Dziwani kumene zinachokera. Mu February 2000 mtsikana wa zaka 8, Victoria Climbié, wochokera ku Ivory Coast, anamwalira ku London atazunzidwa ndi wachibale amene anamutenga kwa makolo ake powalonjeza kuti akamuphunzitsa ku Ulaya. Madokotala, apolisi ndi asosho anamuonapo koma sanamupulumutse. Dziko lonse linachita manyazi, panakhala kafukufuku wamkulu, ndipo mu 2004 panabwera lamulo latsopano la ana. Ife amene tinalipo nthawi imeneyo tikukumbuka. Chiyambire pamenepo mphunzitsi, namwino, ngakhale wophikira ana kusukulu amaphunzitsidwa kuti akaona chokayikitsa anene. Mwana sadziwa kubisa. Mumuuze kakhumi kuti asaulule, tsiku lina adzangoti, "Dzulo ndinaphikira mng'ono wanga chifukwa amami kunalibe," akunyadira, osadziwa kuti wayatsa moto.

Pamenepa ndikhudzeko za mthiko ndi lamba. Ine ndinakula ndi chikwapu, ndipo sindinama, ana anga oyamba anachilawako ndisanachenjere. Koma ku Scotland kumenya mwana mwa mtundu uliwonse kunaletsedwa mu 2020, ku Wales mu 2022. Inu a ku Glasgow ndi ku Cardiff, ngakhale kambama kamodzi ndi mlandu. Ku England kwatsala kampata kakang'ono, koma mukasiya chipsera kapena mkwingwirima kampatako katsekeka, ndipo mthiko susiya thupi losalala. Tsiku la masewero kusukulu ana amasintha zovala, aphunzitsi ali pomwepo. Kodi mwana amene simunamuone sabata yonse, tsiku limodzi limene muli pakhomo n'loti mumulandire ndi lamba? Ndipo lekani kumuopseza kuti, "Ndikutumiza ku Malawi." Mukusandutsa kwanu kukhala ndende m'maganizo a mwana, mawa mudzadabwa akukana kulankhula ndi agogo ake pa foni.

Sindikulankhula ngati wosadziwa mavuto anu. Lendi ndi yokwera, magetsi ndi gasi m'nyengo yozizira amaluma, nazale ndi yodula, ndipo pa viza yanu analemba kuti simuloledwa kulandira thandizo la boma. Kumudzi nako foni siileka kulira: fizi, feteleza, maliro, odwala. Zonsezo ndikuzidziwa. Koma tiyeni tinene zoona. Si shifiti iliyonse imene mukuithamangira ili ya lendi. Ina ndi ya nyumba ya zipinda zisanu imene mukumanga ku Lilongwe kuti anzanu aone pa Facebook. Ina ndi ya galimoto yangongole. Ina ndi ya yunifolomu ya bridal shower ndi ndalama zokaponya pa perekaniperekani. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Nyumba imeneyo adzagonamo ndani ngati ana amene mukuwamangirawo akulira m'manja mwa anthu ena? Abale kumudzi auzeni kuti mwezi uno palibe. Adzakwiya, adzakunenani kuti mwasintha, koma sadzafa. Muwerengenso bwino maola a ganyu amene mukugwira kwina, chifukwa viza yanu ili ndi malire a maola 20 pa sabata pa ntchito yowonjezera.

Abambo, inu musabisale kumbuyo kwa amayi. Ndikumva kuti ena mukaweruka mumadutsira kwa anzanu kukaonera mpira, mukudziwa bwino lomwe kuti mayi anyamuka 7 koloko ndipo ana atsala okha. Asosho akabwera safunsa kuti udindo wa ana ndi wa ndani pa chikhalidwe chathu. Amalemba mayina a nonse awiri. Kusintha thewera sikunachotsepo munthu ubambo.

China chimene ambiri simuchidziwa: mukapereka mwana wosafika zaka 16 kwa munthu amene si wachibale weniweni kuti akhale naye masiku 28 kapena kuposerapo, khonsolo iyenera kudziwitsidwa. "Anti" a ku tchalitchi si achibale pamaso pa lamulo, ngakhale mumadya mbale imodzi. Wachibale amene akumuwerengera ndi agogo, mchimwene kapena mchemwali wa mwanayo, amalume, azakhali, ndi kholo lomupeza. Kudziwitsa khonsolo si kudzipereka kwa adani. Kubisa ndiye kumene kumadzutsa mafunso.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti ndife ambiri. Pa gulu la WhatsApp tikamva za maliro, ndalama zotumizira thupi kumudzi timasonkha mwamsanga. Tikamva za phwando la 6 July, aliyense ndi poto wake wa nsima ndi chambo. Koma kufunsa mnzako kuti, "Achemwali, Lachitatu ndili pa naiti, ana anga angagone kwanu?" mukuchita nako manyazi, kapena mukuopa kuti akudziwani za m'nyumba mwanu. Kusinthana kusunga ana pakati pa mabwenzi popanda kulipirana ndalama, ku England lamulo silikuletsa. Khalani pansi mabanja atatu kapena anayi oyandikana, ikani marota anu pa tebulo, muone amene ali pakhomo tsiku liti. Pitani kwa abwana anu mukanene kuti inu ndi amuna anu simungalowe nthawi imodzi. Ambiri amamva, ndipo amene sakumva ndi bwino mudziwiretu.

Ine mawondo anatha, ntchito ndinapuma, koma maso akuona ndipo chipinda cha ana anga chili chopanda munthu. Amene muli kufupi ndi ine mukudziwa pakhomo panga. Amene ali pa naiti Loweruka lino abweretse ana isanakwane 6 koloko, ndi zovala zogonera ndi mswachi. Ufa ulipo, ndiwo mubwere nazo.