Dzino likangopweteka, basi tizule?

Mwana wa mchemwali wanga, wa zaka 9, amuzula dzino dzulo. Osati la ukhanda loti likanaguluka lokha ayi, koma lalikulu lakumbuyo lija limamera mwana akafika zaka 6, loti limutafunire chimanga mpaka ukalamba. Linabowoka, inde. Akamwa madzi ozizira ankalira, inde. Koma tsaya silinatupe, mafinya panalibe, usiku ankagona bwinobwino. Kuchipatala anangomuyasamitsa, kusuzumira, kubaya jakisoni, n'kuzula. Mayi ake sanafunsidwe kanthu, mpaka anabwerako akuthokoza kuti mwana wathandizidwa. Ine ndakwiya, ndipo sindibisa.

Abale, dzino ndi lamoyo. Pansi pa chigoba choyera chija pali gawo lofewerapo, ndipo pakatikati penipeni pali kamnofu kokhala ndi mitsempha ndi magazi. Kamnofu kameneka kakadali kamoyo, dzino limatha kudzitchinga lokha pomanga khoma latsopano mkati, ndipo mwa mwana mizu imapitiriza kukula. Ndiye chinthu chamoyo chotere mungochigulula chifukwa chabowoka? Osayesa n'komwe kuchipulumutsa?

Njira zilipo, ndipo si zachilendo. Bowo likazama koma lisanafike pamitsempha, dokotala amapala zovunda za m'mbalimbali mpaka payere, zofewa zochepa zomwe zayandikira mitsempha n'kuzisiya dala, kenako n'kumata mwamphamvu. Tizilombo totsalira mkatimo timasowa shuga, kuvunda kumaima. Ena amachita kawiri: kumata kongoyembekezera, pakatha miyezi 6 kapena kupitirirapo n'kutsegulanso kuti amalize. Kwa ine ya ulendo umodzi ndiye yotiyenera, chifukwa munthu wa kumudzi ululu ukangotha sabwereranso, tisanamizane. Bungwe la madokotala a mizu ya mano ku Ulaya, European Society of Endodontology, linanena mu 2019 kuti pa bowo lozama ndi bwino kupewa kuboolera pamitsempha kusiyana n'kupala mpaka zonse zithe. Komatu ife sitili pa mkangano wa kupala pang'ono kapena kwambiri. Ife tikungozula.

Ngakhale mitsempha itaonekera, nkhani siinathe. Amaika mankhwala pabalapo n'kumata pamwamba. Akale ndi calcium hydroxide, otchipa, koma pakapita nthawi amasungunuka n'kusiya mpata. Atsopano ndi MTA, omwe anapangidwa ku Loma Linda University ku America m'zaka za m'ma 1990. Amatseka bwino ndipo amakhalitsa, kungoti ndi odula ndipo nthawi zina amadetsa dzino. Kamnofu kaja kakayamba kutupa pamwamba pokha, amadula gawo lodwalalo, kuletsa magazi, kuika mankhwala omwewo, mitsempha ya m'mizu n'kutsala yamoyo. Kwa mwana woti mizu siinakhwime, imeneyi ndiye njira. Dzino limakhala, mwana amatafuna.

Mundiuza kuti zipangizo kulibe, magetsi amazima, odwala pamzere ndi ambiri. Ndamva. Koma kumata dzino ndi zida za pamanja zokha, popanda makina kapena magetsi, kunayambira pafupi pompa ku Tanzania m'zaka za m'ma 1980, ndi dokotala wa ku Netherlands dzina lake Jo Frencken. Amaitcha ART. Njira yopangidwira malo ngati kwathu kuno, ife n'kumaidumpha kuthamangira kuzula! Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kufunsa mafunso awiri atatu, kuti ululu umabwera liti ndipo umatha msanga kapena ayi, kumatenga mphindi zingati?

Sindikunena kuti dzino lililonse lingapulumuke. Likafa mkati, tsaya litatupa, mafinya akutuluka m'nkhama, chatsala ndi kuyeretsa mizu kapena kuzula basi. Koma kuzula kukhale komalizira, osati moni wolandirira wodwala. Dzino lozulidwa silimeranso. Oyandikana nalo amapendekera pagwerupo, la pamwamba limatsika, ndipo ndalama yoikira lina banja lathu lilibe. Sukulu yophunzitsa madokotala a mano inayamba kuno ku Malawi mu 2019, ndondomeko ya dziko ya thanzi la m'kamwa inakhazikitsidwa mu 2022. Zabwino zonsezo, koma kholo likalowa m'chipinda chija limve mawu akuti "tiyese kumata kaye", lipatsidwe mpata wosankha.

Nanunso makolo musaseke. Mwana akudandaula dzino mwezi wathunthu inu mukungomumwetsa Panado ndi madzi amchere, mawa lake n'kumupatsanso ndalama ya maswiti ndi mafirizesi a pageti pasukulu. Ena mpaka kuthira asidi wa batire m'bowo ati kupha kachilombo. Asidi wa batire, m'kamwa mwa munthu!