Ku Joni patapata mmodzi akhoza kukufikitsa ku Lindela

Pali zambiri zimene ndimawagonjera anzathu a ku South Africa: misewu, mankhwala m'chipatala, buledi wotsika mtengo. Koma pa kaleredwe ka ana ndakana, ndipo sabata ino ndakanitsitsa.

Mlamu wanga amakhala ku Rosettenville mu Johannesburg, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni ake, ndi ana awiri. Amagwira ntchito ya m'nyumba, amanyamuka mbandakucha kukakwera taxi, amabwerera dzuwa litalowa. Mwana wamkulu, mnyamata wa giredi 6, anasolola R200 ya renti pansi pa matiresi n'kukagula data ndi tchipisi ndi anzake. Atafunsidwa anakana. Atapanikizidwa anayankha m'Chingerezi, maso ali gwa, kuti mayi ake alibe umboni. Mlamu anavula patapata n'kumuthibula nawo m'miyendo. M'mawa mwake mwana wapita kusukulu atavala kabudula, aphunzitsi aona pofiira pa katumba, amufunsa, iye wafotokoza zonse bwinobwino kusiyapo za R200 zija. Sabata isanathe kwafika mayi wa social, fayilo ili m'manja.

Aphunzitsiwo sindikuwaimba mlandu. Lamulo la kuno, Children's Act ya 2005, limawakakamiza kukanena akaona mwana ali ndi bala lokayikitsa. Chinandiwawa ine ndi kuona munthu wamkulu, amene anasiya kwawo ku Mangochi kuti ana adye, atakhala pa kireti akunjenjemera, akuyankha mafunso ngati wakuba ndi iyeyo, mwini kuba ali pakhomo akudinadina foni. Ndipo inu amene muli kuno mukudziwa chimene chimatinjenjemeretsa. Ndi pasipoti. Masiku anatha kalekale, ndiye munthu wa boma aliyense akagogoda, mtima umathamangira ku Lindela, ku Krugersdorp kuja, kumene amatsekera obwera opanda mapepala asanawabweze kwawo. Anawo akudziwanso zimenezi. Mwana wa zaka 12 akati "ndiimba 10111", nambala ya apolisi, nyumba yonse imakhala chete.

Kusukulu chikwapu anachiletsa kale mu 1996, ndipo pamenepo sindidandaula. Cha kunyumba chinatha pa 18 September 2019, pomwe Constitutional Court, khoti lalikulu kwambiri la kuno, inagamula kuti kholo silingadzitchinjirizenso pa mlandu ponena kuti limangolanga mwana pang'ono. Analemba chigamulocho ndi Mogoeng Mogoeng, mkulu wa majaji nthawi imeneyo, munthu wodziwika ndi kupemphera. A bungwe la Freedom of Religion South Africa anayesetsa kunena kuti chikhulupiriro chawo chimalola, vesi ya pa Miyambo 13:24 ija tonse tinailoweza, koma sizinaphule kanthu. Tsono taonani kumene mlanduwo unachokera. Bambo wina wa ku Johannesburg anamenya mwana wake wa zaka 13 pomuganizira kuti amaonera zolaula, ndipo anamumenya ndi zibakera ndi mateche. Mateche! Ngakhale agogo anga, amene dzanja lawo linali lopepuka, akanati uku si kulanga, ndi ndewu. Koma lero pamaso pa lamulo, mateche a bambo uja ndi patapata wa mlamu wanga zili m'dengu limodzi, zonse ndi mlandu womenya munthu.

Kwathu ku Malawi sizili choncho. Gawo 19 la malamulo oyendetsera dziko limaletsa kukwapula munthu monga chilango cha khoti kapena cha nthambi ya boma, ndipo aphunzitsi amauzidwa kuti asamamenye ana, n'chifukwa chake ambiri a ife tinakula tikutchetcha bwalo ndi kukumba mayenje a zinyalala. Koma pakhomo pako, mwana akavundukula mphika n'kumaliza ndiwo za madzulo, palibe wapolisi amene angabwere chifukwa cha kanthambi ka pichesi.

Komabe chimene chimalera mwana kwathu si kanthambiko ayi, ndi anthu. Mwana akachita mwano pa mjigo, mayi aliyense amene ali pomwepo amamudzudzula, ndipo nkhani imafika kunyumba iye asanatule ndowa. Akapitiriza, amaitanidwa amalume, eni mbumba, ndipo mawu oti "amalume ako akubwera Loweruka" amawongola mwana kuyambira Lolemba popanda womukhudza. Chinanso chimene timaiwala: kwathu kuli olanditsa. Mwana akathawira kumbuyo kwa agogo, mkwapulo watha pomwepo, ngakhale utakwiya bwanji sungamusolole m'chitenje chawo. Aneba akamva kulira kwapitirira amalowa okha, "basi amake, wamva, mupha mwana." Mwana wa mnzako ngwako yemwe, pomudzudzula ndi pomulanditsa pomwe.

Ku Joni zonsezi kulibe. Kumanja kuli munthu wa ku Zimbabwe, kumanzere wa ku Congo, kutsogolo eni nyumba a ku KwaZulu-Natal, aliyense ndi loko wake. Ukadzudzula mwana wa eni, uona zakuda. Boma lalanda chikwapu m'manja mwa mayi amene ali yekhayekha, ndipo silinaikemo kanthu kena. Mayi wa social uja analangiza kuti mwana akalakwa azimutumiza kuchipinda chake akaganize bwino. Chipinda chiti? Chipinda n'chimodzi, khitchini ndi momwemo, pogona ndi momwemo, TV ndi momwemo. Malangizo amenewa anakonzera anthu olemera a ku Sandton.

Ndisakhale ngati wosaona, kwathu tili nazo zathu zochititsa manyazi. Tonse tinamvapo pa wailesi za kholo limene lawotcha manja a mwana pa mbaula chifukwa cha ndalama yosakwana n'komwe kugula sopo. Ana opeza ndi ana amasiye ndiwo amalawa zowawa kwambiri, ndipo pamenepo aneba ndikuwatamawa nthawi zina amangoti ndi za m'banja, tisalowerere. Nambala ya 116 yokanenera nkhanza za ana ilipo, a Victim Support Unit kupolisi alipo, koma nkhani zambiri zimafika kumeneko mwana atagonekedwa kale m'chipatala. Ndipo ife amene timadzitama kuti tinakwapulidwa koma tinakula bwino, tikanena zoona, tsiku limene lamba ankawawa kwambiri silinali tsiku limene talakwa kwambiri. Linali tsiku limene bambo abwera atakhumudwa kuntchito kapena atalawa. Apa a ku Joni ali ndi mfundo, sindingawalande. Mwana wa kuno amadziwa kuti thupi lake si la aliyense, ndipo munthu wamkulu akamugwira molakwika amanena, pomwe wa kwathu amauzidwa kuti akulu salakwa.

Koma kuletsa moto wa pa mbaula ndi kwina, kusandutsa mayi aliyense wokwiya kukhala wamlandu ndi kwinanso. A ku Zambia nawo anatsatira, Children's Code Act yawo ya 2022 imaletsa kumenya mwana paliponse, koma pitani ku Chipata kapena ku Katete mukaone ngati mthiko unapuma pantchito. A ku Zimbabwe analetsa m'masukulu mu 2020. Kuno lamulo limayenda ndi fayilo mpaka kufika pakhomo, ndipo limafika msanga pa zitseko za ife obwera, amene tilibe loya ngakhale m'bale woti atiyankhulire.

Zotsatira zake mukazione pa Park Station, pokwerera mabasi mu Johannesburg, mwezi wa December. M'mabasi opita ku Blantyre ndi ku Lilongwe mumakhala ana amene sakupita kutchuthi ayi, akutumizidwa. Mayi walephera, waopa kumangidwa, wati bola akaleredwe kumudzi. Mwana wolankhula Chizulu ndi Chingerezi, amene nsima ya mgaiwa sanailawepo, amadutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka Mwanza, kukasiyidwa m'manja mwa agogo amene maso anayamba kale kuchita khungu. Kumeneko amene akamukwapule si mayi ake aja, amene amati akamumenya usiku n'kumufunditsa bulangete. Ndi wachibale wina amene akudya nawo ndalama zotumizidwa pa Mukuru, ndipo kusukulu ya kumeneko, m'kalasi la ana oposa 100, palibe mphunzitsi amene adzakhale ndi nthawi yoyang'ana katumba wa mwana wa matchona.